Za mapiritsi a ziwengo ndi khansa ya mayi anu

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Funso lanu ndaliona usiku nditaweruka: mwawerenga pa intaneti kuti mapiritsi a ziwengo amatalikitsa moyo wa odwala khansa, ndiye mukufuna kugula Allergex wambiri mupatsire a basi ku Park Station, akafike ku Lilongwe komwe mayi akulandira kemo wa khansa ya bere. Ine ndimagulitsa mankhwala mu famase kuno ku Joni, udokotala wa khansa ndilibe, koma nkhaniyi ndimaitsata. Ndalamazo zigwireni kaye.

Zomwe mwawerengazo zili ndi pochokera. M'thupi mwathu muli histamine, uja amatuluka njuchi ikakulumani, kapena mukamayetsemula ndi mungu wa mitengo m'September. Iyeyo ndi mthenga chabe, ndipo uthenga wake umamveka akapeza khomo pa selo. Makomowo alipo anayi, H1, H2, H3 ndi H4, lililonse ndi jini yake, kutanthauza malangizo achibadwa a m'selo olipangira: HRH1, HRH2, HRH3 ndi HRH4. Majini ake ndi a m'maselo awa, wina asathamangire kwa asing'anga. Khomo la H1 ndi la kuyabwa ndi kuyetsemula, lomwe Piriton ndi Allergex amatseka. La H2 lili m'mimba, limatulutsa asidi, ndipo amalitseka ndi cimetidine kapena famotidine. H3 ali muubongo, H4 ali pa asilikali a m'thupi, ndipo H4 ameneyu anadziwika m'chaka cha 2000.

Ofufuza amatenga kachidutswa ka chotupa, n'kuyeza kuti jini ina ikugwira ntchito mwamphamvu bwanji, kenako n'kuona kuti eni zotupazo anakhala ndi moyo nthawi yaitali bwanji. Mu 2021 gulu la ku MD Anderson, ku Texas, linapeza kuti HRH1 imachuluka pa maselo otchedwa macrophage omwe amakhala mkati mwa chotupa. Histamine akagogoda pamenepo, maselowo amafooketsa maselo a T, asilikali enieni opha khansa. Ataunika mafayilo a odwala khansa ya pakhungu ndi ya m'mapapo omwe ankalandira immunotherapy, chithandizo chodzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi khansa, anaona kuti omwe ankamwanso mapiritsi otseka H1 ankakhalitsako. Ku Lund, ku Sweden, mu 2020 anaonanso zofanana mwa amayi a khansa ya bere omwe ankamwa mapiritsi a ziwengo a loratadine kapena desloratadine.

Apa ndi pomwe ambiri timaterereka. Kafukufuku wa pa anthuyu anali wongoyang'ana mafayilo akale. Palibe anagawa odwala pawiri, awa kuwapatsa mapiritsi, awa ayi. Mayi amene amagula loratadine mwezi ndi mwezi mwina ndi amene amapita kuchipatala pafupipafupi, khansa yake n'kupezeka msanga. Ndiye chamupulumutsa ndi piritsi kapena kufulumirako? Komanso taonani mayina a mankhwalawo. Allergex ndi chlorpheniramine, wa mtundu wakale wogonetsa uja, pomwe zotsatira zabwinozo zinaoneka pa mitundu yatsopano. Immunotherapy nayo ndi chithandizo china, chosiyana ndi kemo wa m'dilipi amene mayi akulandira.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti histamine yemweyo pena amakhala mankhwala. Mu 2008 ku Ulaya anavomereza jakisoni wa histamine, wotchedwa Ceplene, wothandiza kuti khansa ya m'magazi ya AML isabwerere. Mthenga mmodzi yemweyo, pakhomo ili wabweretsa maliro, pakhomo linalo ukwati. Ndiye munthu akakuuzani kuti histamine ndi mdani wa wodwala khansa aliyense, dziwani kuti wawerenga mutu wokha.

Tsono kuopsa kwake. Cimetidine amachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena, ndipo amatha kuchulukitsa kemo wa fluorouracil m'magazi. Tamoxifen, amene amayi ambiri a khansa ya bere amamwa zaka zisanu kapena kuposa, amadalira chiwindi kuti chimusandutse wamphamvu, ndipo mapiritsi ena a ziwengo akale monga diphenhydramine amasokoneza ntchito imeneyo. Kwa amene ali pa ma ARV a atazanavir, mankhwala otseka H2 amachepetsa kulowa kwake m'thupi. Allergex naye amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amagonetsa. Ngati mayi akumwa morphine wamadzi uja, yemwe amadzimbitsa kale, mwawonjezera mavuto. Sabata yatha bambo wina anabwera pakauntala ndi chithunzi cha nkhani yomweyi pafoni, akufuna mabokosi khumi. Nditafunsa zomwe wodwala wawo akumwa, sanadziwe ngakhale dzina limodzi.

Mwinanso mayi akulandira kale mankhwala a mtunduwu. Odwala amene akuikidwa kemo wa paclitaxel amayamba apatsidwa piritsi kapena jakisoni wa ziwengo pamodzi ndi dexamethasone, kuti thupi lisakane dilipiyo.

Uzani amene akudikirira mayi ajambule masamba a buku lawo la kuchipatala akutumizireni pa WhatsApp, muone mayina a mankhwala onse. Tsiku la kiliniki akafunse dokotala mosabisa: "Mwana wawo ku Joni akufuna kutumiza loratadine, kodi akugwirizana ndi zomwe akulandirazi?" Akavomera, loratadine ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka m'mafamase a ku Lilongwe komweko, simufunika basi. Marandi mukanagulira mabokosiwo atumizeni akhale a thiransipoti, chifukwa kudumphitsa tsiku la kemo ndiye kumabweza chithandizo m'mbuyo. Otsalawo agulire mazira, chiponde ndi usipa.