Azakhali, musawotche kaye mabukuwo

Eee azakhali, mwaswera bwanji ku Mufakose uko? Pepani ndangojambula mawu, zolemba zingatalike kwambiri, komanso ndili pamzere wa kombi pa Copacabana mu Harare pano, ndiye mukamva kukuwa musadabwe, ndi mahwindi awa, oitanira anthu m'makombi.

Zithunzi zinayi mwaika pa gulupu zija ndaziona. Mwati mwapeza mabuku m'chikwama cha mdzukulu wanu, zikuto zake magazi okhaokha ndi mano akuthwa, ndiye mukufunsa ngati si za satana, komanso ngati muwawotche kapena mupite nawo kwa abusa. Ndaonanso bambo aang'ono a ku Mulanje ayankha kale kuti ndi za anamapopa zimenezo. Ine ndikuti musawotche. Mabuku amenewa ndimawadziwa, ndinakula nawo ndikugula kwa anyamata oyala mabuku pansi m'tauni muno. Pa anayiwo ndi limodzi lokha limene ndingamulande mwana wa Folomu 3, ndipo chifukwa chake si satana ayi, ndikuuzani.

Choyamba, ndi nkhani zopeka. Munthu amakhala pa tebulo n'kupeka kuti agulitse adye. Kapekedwe kake n'kakuti wolemba amatenga mzinda weniweni, kaya New York, kaya Chicago, kaya London, wa magalimoto, apolisi, zipatala ndi mabala, ndiye n'kunena kuti dzuwa likalowa mumzindamo mumadzuka mtundu wina wa anthu oyamwa magazi, amene amawatcha mavampaya. Iwowa amakhala ndi mafumu awo, akuluakulu a asilikali awo, malire awo, ngakhale mabwalo a milandu. Ndiye nkhondo imabuka. Kawirikawiri mbali imodzi imati tiyeni tizikhala mobisala, tizimwa pang'ono osapha munthu, inayo imati ayi, anthuwa ndi ziweto zathu, tiwalamulire poyera. Mukachotsa manowo, chotsala ndi ndale basi. Wina akufuna mpando, wina waphwanya pangano, wina wagulitsa anzake. Kenako kumenyana, malupanga, mfuti, kuthamangitsana pa madenga a nyumba usiku wonse.

Chimene chimakoka anyamata kwenikweni ndi malamulo ake. Wolemba aliyense amaika ake: uyu amapsa ndi dzuwa, uyu amafa ndi chichiri cha mtengo pamtima, uyu amaopa siliva, uyu sangalowe m'nyumba mwako ngati sunamuitane. Ndiye mwana amawerenga akuwerengera kuti kodi awa apambana bwanji pamene kwatsala pang'ono kucha. Akakumana ndi anzake amakangana za zimenezo monga mmene amuna anu ankakanganira za mpira wa Dynamos ndi CAPS United akachokera ku bwalo la Rufaro. Palibe amene akupemphera kwa chilichonse pamenepo.

Tsopano ndipite pa zithunzi zanu, chimodzichimodzi.

Choyamba ndi chachiwiri, onse ndi a Darren Shan, wolemba wa ku Ireland. Amenewa analembera ana a msinkhu wa mdzukulu wanuyo. Alipo 12 otsatizana, loyamba linatuluka mu 2000, lomaliza mu 2004. Nkhani yake, mnyamata wa sukulu akuba kangaude wa poizoni pa chionetsero china, kangaudeyo n'kuluma mnzake wapamtima. Kuti apeze mankhwala opulumutsira mnzakeyo, akuvomera kukhala wantchito wa vampaya, ndipo akuyenera kunamizira kufa. Makolo ake akumulira, akumuika m'manda, iye akumva zonse. Azakhali, ndime imeneyo ndi yowawa. Mwana akaiwerenga sasirira moyo umenewo ayi, amayamba kuganiza za amayi ake. Kutsogolo kwake ndi kumene kuli nkhondo, pakati pa mavampaya amene samapha anthu ndi abale awo amene anapatukana nawo, a khungu lofiirira, amene akamwa amamwa mpaka munthu kufa. Ndipo mnzake uja anamupulumutsa ndi amene akudzakhala mdani wake wamkulu, chifukwa anamumva molakwika, ankaganiza kuti anamulanda mwayi. Muli magazi, inde, anthu amadulidwa, ena okondedwa amafa. Koma phunziro la kuba, la kusunga lonjezo, la chidani chimene chimayamba ndi kusamvetsetsana, zonse zilimo. Amenewa musiyireni.

Chachitatu chija, cha The Strain, n'cha akulu pang'ono. Analemba anthu awiri, Guillermo del Toro, wa mafilimu uja wa ku Mexico, ndi Chuck Hogan, chinatuluka mu 2009, ndipo pali ena awiri otsatira. Mmenemu mulibe ufiti n'komwe. Ndege ikutera pa bwalo la JFK ku New York, magetsi onse zii, anthu pafupifupi onse m'katimo afa ali pa mipando. Akuitanidwa dokotala wa boma wofufuza miliri. Zoyamwa magazizo akuzifotokoza ngati matenda, tinyongolotsi tolowa m'thupi n'kumusintha munthu. Ndiye nkhani yonse ndi ya mliri: akuluakulu akubisa, wolemera wina wagulitsa mzinda wonse kuti iye asafe, amene akumenya nkhondo ndi dokotala, nkhalamba ya shopu ya pinyolo, munthu wopha makoswe ndi anyamata a m'magulu a mumsewu. Ife amene tinaona 2020, misewu ya Harare ili mbuu, Mbare Musika atatseka, bukuli likutikumbutsa zambiri. Koma n'lonyansa m'malo ena, amafotokoza mitembo mosabisa, ndipo muli ana amene amasinthidwa. Ngati mnyamatayo ndi wa maloto oipa, adikire chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngati sakudzidzimuka usiku, ine sindingamuletse. Inu ndi amene mumagona naye nyumba imodzi, mukudziwa.

Chachinayi. Eee. Cha J.R. Ward chija, chimene pachikuto pali mwamuna wosavala malaya. Chimenecho chotsani. Ndi cha m'gulu la mabuku amene anayamba mu 2005, a asilikali a mavampaya oteteza mtundu wawo kwa adani owasaka. Nkhondo ilimo, yoopsa ndithu, koma mabukuwo analembera akuluakulu, ndipo za kuchipinda amazinena zonse osasiyako. Sindingafotokoze zambiri pa gulupu pali makolo pano, mwamva kale. Vuto la mabuku a mtundu umenewu lili pamenepo: zikuto zimafanana, zakuda, zofiira, mano, ndiye wogulitsa pamsewu amangounjika pamodzi la ana ndi la akulu, mtengo umodzi. Mwina mwanayo sanadziwe n'komwe, anangoona lupanga. Musamuchititse manyazi pamaso pa alongo ake. Ingomuuzani kuti ili n'la akulu, amalume ako abwera kudzalitenga.

Tsopano bambo aang'ono, ndikuyankheni inu mwaulemu, chifukwa ndikudziwa chimene mwanenera choncho. Munali komweko mu 2017 pamene mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe mwezi wa September, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu ankagona panja, anyamata kutseka misewu, galimoto iliyonse yachilendo kuigenda, ngakhale ambulansi. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri aja, boma linaletsa kuyenda usiku, a Peter Mutharika anachita kupita okha kukalankhula ndi anthu. Anthu osachepera 9 anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anamuwotcha ku Blantyre. Koma madokotala atayeza amene ankati apopedwa, sanapeze umboni. Zinachitikanso kumapeto kwa 2002, nthawi ya njala ija, anthu ankati boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga. Ndiye ndikufunseni, bambo, mwa anthu amene ananyamula miyala aja, ndi angati anali atawerenga buku la mavampaya? Chimene chinapha anthu ndi "akuti akuti". Bukuli limanena lokha pachikuto kuti ndine wopeka, ndipo mwana amene wawerenga khumi otere amadziwa msanga nkhani ikakhala yolukidwa, chifukwa waona mmene amalukira.

Azungu nawonso anadutsamo m'zomwezi, musaganize kuti ndi ife tokha. Ku Serbia, mu 1725 ndi cha m'ma 1732, anthu a m'midzi ankafukula maliro, kuwakhoma chichiri n'kuwawotcha, ati akudzuka usiku kukayamwa amoyo. Akafukula ankapeza mtembo watupa, pakamwa pali zamadzi zofiira, zikhadabo ngati zakula, iwo n'kumati mwaona, wakhuta magazi. Pamene ndi mmene thupi limawolera, mpweya umatupitsa mimba ndipo khungu likamauma limabwerera m'mbuyo, zikhadabo n'kuoneka zazitali. Zinafika poti mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria inatuma dokotala wake, Gerard van Swieten, kuti afufuze. Iye anati ndi umbuli ndi mantha chabe, ndipo mu 1755 mfumukaziyo inaletsa zofukula mandazo. Olemba mabuku anadzatola nkhaniyi pambuyo pake, mantha atatha, n'kuisandutsa chosangalatsa.

Ndipo azakhali, inu a Mvano, imvani iyi. Buku limene linatchukitsa zonsezi, Dracula, analemba Bram Stoker mu 1897, munthu wa ku Ireland amene ankayendetsa nyumba ya zisudzo ku London. Mmenemo chilombocho chikuchoka ku Transylvania n'kukakwera sitima ya pamadzi ndi mabokosi 50 a dothi la kwawo, kudzasaka anthu ku England. Amene akuchigonjetsa akugwiritsa ntchito mtanda, mkate wa mgonero, adyo, ndi kugwirizana kwawo. Choipa chikuthawa mtanda. Sindikunena kuti mukaliwerenge ku Sande sukulu ayi, komanso sindinamize kuti onse a masiku ano ali choncho. Ambiri a lero anachotsamo za Mulungu, vampaya amakhala iye ngwazi ya nkhani, wokongola, wa galimoto yapamwamba, wosakalamba. Pamenepo ndi pamene ine ndimakhala ndi mawu, chifukwa ena amakometsera nkhanza, munthu wapha makumi awiri tsamba limodzi kenako akuseka. Olemba abwino amaonetsa kuti kupha kuli ndi mtengo wake, munthu amataya abale, amataya tulo. Olemba aulesi amangounjika mitembo. A Darren Shan aja ali mbali ya abwino.

Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi, ndipo n'chifukwa chake ndayankha msanga. Mukakoleza moto pabwalo, n'kuitana amayi a pemphero, aneba akusuzumira pa mpanda, mawa lake Mufakose yense amva kuti mdzukulu wa agogo aja walowa za satana. Inu mukudziwa bwino mmene ena kuno amatinenera ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ati ndife a mankhwala. Agogo anabwera kudzagwira ntchito mu Salisbury, dzina lakale la Harare, ife tinabadwira konkuno, koma mawu amenewo sanathe. Dzina lotere likamumata mwana wa zaka 15, kusukulu sakhalanso pa mtendere, mwana wa neba akangodwala adzaloza iye. Bukulo silingamuchite zimenezo, koma pakamwa pa anthu pangathe. Komanso mwina mabukuwo si ake, wabwereka, mukawotcha mwamuikira ngongole.

Kombi yafika koma yadzaza, ndidikira ina, ndimalize.

Zoti muyang'anire zenizeni ndi tulo ndi sukulu. Mabuku amenewa amawalemba mochenjera, mutu uliwonse umathera pamene munthu lupanga lili pakhosi, ndiye mwana amati ndiwerengeko umodzi wokha, tambala n'kulira. Magetsi akazima amayatsa tochi ya foni m'bulangete. Chaka cha mawa ali ndi mayeso a Folomu 4 a ZIMSEC, ndiye pamenepo mumuikire malire: homuweki kaye, ndipo ikakwana naini buku libwere kuchipinda kwanu. Koma osamuletseratu. Ana angati mu laini yanuyo amene amamaliza buku la masamba 400 la Chingerezi popanda womukakamiza? Anzake ali pa TikTok tsiku lonse, ena ali pa zoipa zenizeni zimene zikuwononga anyamata m'malokeshoni muno, mukuzidziwa. Uyu akuwerenga. Pa pepala la kompozishoni adzaoneka.

Ndiye madzulo ano, mukamadya, mungomufunsa kuti iwe, m'buku lakoli akumenyana ndi ndani, nanga akulimbirana chiyani, iwe uli mbali iti? Mumusiye afotokoze. Mukamva akunena za kukhulupirika ndi za mnzake wopereka anzake, mtima ukhale pansi. Mukamva akungosangalala ndi mmene amadulira anthu, mundiuze, ndicheza naye ine ngati amuna.

Loweruka ndibwera chakumasana. Ndikufuna ndipite naye ku Harare City Library pa Rotten Row akalembetse, ndalama yake ndilipira ine, kuti azisankha mabuku pamalo pamene a ana ali paokha, komanso ndimusakanizireko ena a olemba a konkuno, asamangodziwa misewu ya New York pamene ya Mbare sakuidziwa. Buku lachinayi lija mulibise mu wadilopu pansi pa zitenje zanu, kumeneko sangafikeko. Moni kwa onse kunyumbako, bambo aang'ono musakwiye, tikambirana pa foni Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi. Eya, iyi ili ndi malo, ndakwera.