Amuna anga akuti kulibe Mulungu

Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 11 ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga anali oimba kwaya, koma chimwalirireni mng'ono wawo ndi ana ake pa namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu 2023, kutchalitchi sapondako. Pano akuchita kunena poyera kuti kulibe Mulungu. Akuti akanakhalako, wamphamvu zonse ndi wachikondi, sakanalola matope a m'phiri la Soche kukwirira ana ali m'tulo. Ndikayankha amandiseka, ine mtima umaphulika, nsima mpaka kuzizira m'mbale. Apongozi akuti alodzedwa, amayi a kumpingo akuti alowa zasataniki. Kodi ndichoke?

Mayi wothedwa nzeru, Blantyre

Mwanangu,

Zasatanikizo tiyambe tazichotsa. Munthu amene sakhulupirira kuti kuli Mulungu sakhulupiriranso kuti kuli Satana, ndiye angamugwadire bwanji? Amayi a kumpingowo alankhula asanaganize.

Funso la amuna akowo si la misala. Ambiri amati analifunsa kale Epicurus, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo akuluakulu a zaumulungu akulimbana nalo mpaka lero. Ena amayankha kuti zoipa zimadza chifukwa munthu anapatsidwa ufulu wosankha. Yankho limeneli limagwira pa mbava ndi achiwembu, koma pa mvula ndi matope limatsimphina, ndipo amuna ako akudziwa. Usawaponyere mayankho amene iwe mwini sakukukhutitsa. Kunena kuti "funso limeneli nanenso limandisautsa, komabe ndimakhulupirira" si kugonja ayi.

Koma ine ndikumva maliro m'mawu awo kuposa mtsutso. Tsegula Yobu 2:13. Anzake a Yobu atatu aja anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osatsegula pakamwa. Zinthu zinasokonekera atayamba kumufotokozera chifukwa chake akuvutika, ndipo pa chaputala 42 Mulungu anakalipira iwowo, osati Yobu wodandaula uja. Unayamba wawafunsa amuna ako za mng'ono wawoyo, osatchulapo vesi?

Kukuseka nakonso ndi kulakwa. Kuseka munthu si kupereka mfundo. Uwauze mosabisa kuti ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene imawapatsa ufulu wosakhulupirira, ndi yomweyo imakupatsa iwe ufulu wopemphera.

Zochoka? Sunanene kuti amakumenya, amakumana ndalama ya ndiwo, kapena amakutsekera Baibulo m'kabati. Paulo pa 1 Akorinto 7:13 akuti mkazi amene mwamuna wake ndi wosakhulupirira koma akulola kukhala naye, asamusiye.

Pomwe pafunika ankhoswe ndi pa ana. Mugwirizane pamaso pa ankhoswewo ngati anawo azipitabe ku Sande sukulu, ndi zomwe bambo aziyankha akafunsidwa chifukwa chake amatsala pakhomo. Apongoziwo uwapemphe mwaulemu kuti ndalama ya sing'anga aisunge. Ndipo mkangano ukabuka nthawi ya chakudya, uziti, "Bambo, tidye kaye, tikambirana ana akagona."

Azakhali