Pikapu munagulitsa kalekale, samani yabwera m'dzina lanu

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga. Mwafotokoza magalimoto onse amene mwakhalapo nawo chiyambire ntchito: Peugeot 504 imene inathera kuseri kwa nyumba, Corolla imene munapatsa mphwanu, pikapu ya Nissan imene munagulitsa kwa wabizinesi wina pongolemberana kakalata, ndi Toyota imene mukuyendera panopa. Pikapuyo yagunda munthu, ndipo samani ya kukhoti yakupezani inu chifukwa bulu buku ikadali m'dzina lanu. Mukufunsa ngati mlanduwu ndi wanu.

Choyamba, samaniyo musaiponye pansi pa matiresi poganiza kuti sikukukhudzani. Masiku oyankhira alembedwa pomwepo, ndipo ndi ochepa. Mukakhala chete, wodandaula amapempha khoti kuti ligamule inu kulibe, kenako masherifu amabwera kudzanyamula katundu. Chigamulo chotere chimatheka kufafanizidwa, koma mumayenera kufotokoza chimene munachedwera, kuonetsa kuti muli ndi yankho lomveka, ndipo kawirikawiri ndalama zimene winayo wawononga mumalipira ndinu. Onanani ndi loya sabata ino. Ngati m'thumba simuli bwino, pitani ku Legal Aid Bureau.

Tsopano mutu wa nkhani. Dzina la mu bulu buku ndi umboni wa umwini, koma umboni wina ungathe kuwugonjetsa. Malinga ndi lamulo la malonda a katundu, Sale of Goods Act, umwini umachoka kwa wogulitsa pa nthawi imene awiriwo anagwirizana kuti uchoke. Ngati munalandira ndalama zonse, n'kupereka makiyi ndi galimoto, pikapuyo inasiya kukhala yanu tsiku lomwelo, ngakhale kaundula wa boma akunena zina.

Komanso mlandu wa ngozi sutsata dzina la pa pepala lokha. Umatsata dalaivala amene anayendetsa mosasamala, bwana wake ngati anali pa ntchito, kapena munthu amene anamutuma ulendowo. Dalaivala wa pikapuyo simukumudziwa, simunamutume, simumulipira. Yankho lanu kukhoti ndi limeneli. Vuto ndi lakuti khoti silimva pakamwa pokha.

Ndiye fufuzani kakalata kaja. Kakhale kothimbirira, kolembedwa pa pepala la mu kope, kali ndi ntchito bola pakhale tsiku, nambala ya galimoto, mtengo ndi masiginecha. Ngati ndalama zinadzera ku banki, kapempheni sitetimenti ya mwezi umenewo. Amene anaona mukugulitsa, kaya ndi mkazi wanu kaya makaniko amene anayesa injini, alembe zimene akudziwa n'kulumbira pamaso pa loya kapena majisitireti. Yang'ananinso chaka chimene munasiya kudula inshulansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ya pikapuyo, chifukwa nawonso ndi umboni wakuti inachoka m'manja mwanu. Ndi zimenezi loya wanu apempha khoti kuti likuchotseni pa mlandu, m'malo mwanu mulowe wogula uja.

Lipoti la apolisi la ngoziyo mulipeze. Limatchula dalaivala ndi kampani ya inshulansi. Road Traffic Act imakakamiza galimoto iliyonse ya pamsewu kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena, ndipo wovulala ali ndi ufulu wosumira kampaniyo mwachindunji pasanathe zaka 2. Funso limene lingakuvuteni ndi ili: inshulansiyo inadulidwa m'dzina la ndani? Ogula ambiri amene sanasinthe umwini amangopitiriza kudula m'dzina la mwini wakale, popeza ndi limene lili mu bulu buku. Zikatero pepala limaoneka ngati inu mukadali mwini wake, ndipo kampani ingathe kukana kulipira ponena kuti sinauzidwe zoona. Uzani loya wanu msanga kuti fomu imeneyo simunasaine ndinu. Onaninso tsiku la ngozi: Limitation Act imapereka zaka 3 zosumira mlandu wa kuvulala, ngakhale kwa mwana wamng'ono nthawiyo imawerengedwa mosiyana.

Mlanduwo uli apo, dzina lanu lichoke pa pikapuyo. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, nthambi imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services. Chiyambire makina atsopano a kompyuta a MalTIS mu 2015, kaundula amagwira ntchito ndi zidindo za zala, choncho wogulitsa ndi wogula amafunika kuonekera okha ndi ziphaso zawo, bulu buku ndi kalata yogulitsirana. Nambala ya chasisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi za m'bukumo. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: wogula anasintha injini osanena, kapena anagulitsanso kwa wina, winayo kwa winanso, aliyense akungopatsira mnzake bulu buku yanu. Wogula akasowa kapena akamazemba, lembani kalata ku Road Traffic yonena tsiku limene munagulitsa ndi dzina la wogula, muphatikize chikalata cholumbirira, ndipo kope yanu aidinde. Wogulayo akakanitsitsa, khoti lingathe kumulamula kuti amalize zimene munagwirizana. Madobadoba oyima pa geti olonjeza kukonza zonse inu muli kunyumba, alekeni. Pepala lachinyengo likadzatulukira, dzina lolembedwapo ndi lanu.

Corolla ya mphwanu ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa pikapu. Munati munangomupatsa. Kodi inali mphatso, kapena munamubwereka? Ngati nthawi zina mumamutuma nayo kumunda kapena kumaliro, tsiku la ngozi wodandaula adzati anali pa ulendo wanu, ndipo pamenepo mlandu ungakugwereni ndithu. Ngati ndi mphatso, lembani kalata yonena choncho, musaine nonse pamaso pa mboni, mukasinthe dzina. Mukapanda kutero, inu mukadzatisiya ana anu adzaiwerengera pa chuma cha masiye, mphwanu akuti ndi yake, nkhani n'kuthera kwa DC kapena kukhoti.

Peugeot ija, ngati inaphwasulidwa, kadziwitseni a Road Traffic kuti aichotse m'kaundula. Bulu buku ndi manambala ake musagulitse kwa wina aliyense, ngakhale atanena kuti akufuna masipeyala okha. Mapepala a galimoto yakufa ndi amene akuba amavekera galimoto yobedwa.

Za Toyota mwati mukufuna idzakhale ya mwana wanu wamkazi. Kunena pakamwa pa msonkhano wa banja sikukwanira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limafuna wilo yolembedwa, yosainidwa ndi inu pamaso pa mboni ziwiri zimene zisainenso. Mbonizo zisakhale mwa odzalandira chumacho. Tchulani mtundu wa galimoto, nambala yake ndi ya chasisi, ndipo muonjezere mawu akuti "kapena galimoto ina iliyonse imene ndidzakhale nayo pa nthawiyo", chifukwa mukadzaigulitsa n'kugula ina, mphatso ya mu wiloyo imafera pomwepo. Popanda wilo, galimotoyo imalowa m'chuma chogawidwa kwa mkazi wanu, ana ndi ena amene mumawasamala, ndipo dzina silingasinthidwe mpaka patapezeka munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti zoyendetsera chumacho. Wachibale wothamangira makiyi maliro ali m'nyumba akupalamula mlandu wolanda chuma cha masiye, umene chilango chake chimafika zaka 10 kundende.

Ngati Toyotayo munagulira ngongole ya ku banki, funsani kaye ngati chikole chake chinafafanizidwa m'kaundula wa boma wa zikole. Ngongole ikatha, chikolecho sichichoka chokha, ndipo mwana wanu angadzavutike kuigulitsa.