Tifunseni: Kodi sitima zothamanga ngati mphezi zidzafika ku Salima?

FUNSO: Ine ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni sitima ya ku China ikudutsa ngati mphezi, pomwe kwathu kuno mbuzi zimachita kugona pakati pa njanji osaopa kanthu. Kodi njanji ili ndi tsogolo, kapena inapita ndi makolo athu? — Agogo a ku Salima

YANKHO: Agogo, mwandikumbutsa kutali. Tili ana ku Chipoka tinkagunditsa khutu pa chitsulo cha njanji kuti timve ngati sitima yayandikira. Chitsulocho chimatentha masana, ndipo amayi akatipeza, khutu lomwelo ndi limene ankalipotokola.

Njanji sinafe ayi, kunjaku ikuchita kukula. Dziko la Japan lidayamba kuyendetsa sitima zaliwiro mu 1964. China idalowa mochedwa, mu 2008, koma lero njanji zake zamtunduwu zapitirira makilomita 40,000, ndipo sitima zina zimathamanga makilomita 350 pa ola. Pa liwiro limenelo mutha kutereka mpunga pamoto kuno, n'kukafika ku Lilongwe usanapse. Mu Africa muno, Morocco idatsegula yake mu 2018, ndipo anansi athu a ku Tanzania adayamba mu 2024 kuyendetsa sitima yamagetsi kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Dodoma, ngakhale siithamanga ngati ya pa foni ija.

Koma ndisakunamizeni, agogo: ya mphezi ija musaidikire pa siteshoni ya Salima. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, pomwe sitima zaliwiro zimayenda pa ya mamilimita 1,435. Zimafuna njira yowongoka, yotchingidwa kuti ng'ombe kapena wakabaza asadutsepo, komanso magetsi osathimathima. Pamenepa sindiwonjezera, inunso mukudziwa. Chachikulu, zimafuna chikhamu cha anthu okwera tsiku ndi tsiku, okhoza kulipira tikiti yodula.

Chimene chimakoka njanji kumaiko ngati kwathu ndi katundu wolemera. Gudumu lachitsulo likamayenda pa chitsulo chinzake silivuta kukoka, n'chifukwa chake sitima imodzi imanyamula zimene zikanadzaza mathiraki ambirimbiri, pa mafuta ochepa, osakumbanso maenje mumsewu. Taonani mbiri yathu yomwe. Njanji idafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe udatha mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, kuti mbewu zathu zizikafika ku doko la Beira. Ya ku Lilongwe idabwera mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Nanga njanji yatsopano imene idamangidwa kuchokera ku Chikwawa kudzalumikiza pa Nkaya? Idabwera ndi malasha a ku Moatize ku Mozambique opita ku doko la Nacala, osati ndi inu ndi ine. N'chimodzimodzi lero: maiko akuluakulu akulimbirana kukonza njanji ya TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, ndi ya ku Lobito ku Angola chifukwa cha kopa wa ku Zambia ndi ku Congo, amene akufunika popanga magalimoto amagetsi.

Ndiye kwa ife tsogolo lake lili pa feteleza, mafuta, simenti, shuga ndi fodya. Mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Nacala idafikanso ku Kanengo patatha zaka zambiri, ndipo idadutsa pakhomo panu pomwepo. Ine imeneyo idandisangalatsa kuposa vidiyo iliyonse ya ku China. Katundu wotere akachuluka, njanji imapeza ndalama zoikonzera, kenako n'kotheka kumangirirako mabogi a anthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi madzi. Mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza ikasefukira siona nkhope, ndipo mlatho umodzi ukakokoloka, njanji yonse imangokhala chitsulo chogona mu udzu. Onjezanipo aja ozula mabawuti usiku kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Mdzukulu wanuyo muuzeni kuti tsiku lina adzapite nanu pa siteshoni, mukawerenge limodzi mabogi a sitima ya katundu ikamadutsa. Kenako mundilembere kuti anali angati, komanso kuti matumba a kilombero wanu mumalipira zingati pa lole kukafika ku Lilongwe.