Ma chain awa si amodzi, musanamizidwe

Achimwene, amene wakuuzani kuti ma blockchain (ma netiweki omwe ndalama za crypto zimayendapo) onse ndi chimodzimodzi bola mwasankha wotchipayo, muthaweni. Ine mkulu wina yemwe ndinkagulako USDT (crypto yotsatira mtengo wa dola ya ku America) ndinamupatsa adiresi yanga ya ku exchange (msika wa crypto) ndikumuuza bwinobwino kuti ERC-20, kutanthauza atumize pa Ethereum, iye pofuna kuzemba gas (ndalama yolipirira kutumiza) wa Ethereum anatumiza pa BNB Smart Chain osandiuza. Ma adiresi a ma chain awiriwa amafanana, onse amayamba ndi 0x, ndiye palibe chinakana. Iye akunditumizira screenshot yoti zatheka, ine ku exchange kukuonetsa 0. Usiku onse refresh refresh, manja ali thukuta, foni mpaka kutentha, ndikalowa pa BscScan, webusaiti yoonera zochitika pa BNB Smart Chain, ndalama ndikuziona ndi maso angawa koma kuzigwira ayi poti makiyi a adiresiyo ali ndi a exchange. Kumuimbira akuti zanu izo bwana ine ndatumiza. Kenako kundibloka. Munthu opanda chisoni ameneuja! A support nawonso kumangondiyankha ngati maloboti, miyezi kutha ndithu.

Zinthuzi anazipanga mosiyana kuyambira pansi. Bitcoin ndi ya 2009, amakumba ndi makina odya magetsi, block (gulu la ma transaction) imodzi mphindi 10, ma coin sadzapitirira 21 miliyoni, yochedwa inde koma palibe angaigwedeze. Ethereum inabwera 2015 ndi ma smart contract (mapulogalamu odziyendetsa okha pa chain), mu September 2022 anasiya zokumba, pano kuti ukhale validator (wotsimikiza ma transaction) wekha umatsekera 32 ETH. Koma gas wake mayo ine, anthu akachuluka amakwera, ndipo transaction ikalephera gas wapita basi sabweza. Tron imathamanga, block masekondi atatu, chifukwa opanga ma block ndi 27 okha osankhidwa ndi mavoti, ndiye mudziwe kuti kutchipako mwagula ndi kudalira kagulu kochepa. Solana liwiro ndiye ilipo koma September 2021 inaima maola pafupifupi 17, aliyense kungokhala manja lende.

Ndiye zothamangira zotchipa siyani. Ngakhale kunena zoona ineyo pano USDT ndimalandira pa Tron pomwepo kkkk, adiresi yake imayamba ndi T munthu sangaisokoneze ndi 0x, kungoti mukhale ndi ka TRX (coin ya Tron) kolipirira apo ayi ndalama sizituluka mu wallet. Yambani mwatumiza kochepa kaye muone ngati kafika, ndipo wotumizayo akulembereni dzina la netiweki pa chat asanadine send.