Kodi amisiri amakono a magalasi a m'matchalitchi akungokopera zakale?

Amayi ena okhala ku Birmingham anditumizira imelo. Akuti adalowa m'tchalitchi chachikulu cha St Philip's mumzindawo, ndipo adachita chidwi ndi mazenera a magalasi amitundumitundu omwe adajambula Edward Burne-Jones, wojambula wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800. Kenaka adamva kuti alipo amisiri ena lero omwe amati akutsata mwambo wa Arts and Crafts, wolemekeza ntchito ya manja kuposa katundu wa m'mafakitale. Funso lawo ndi lakuti: kodi amisiriwa sakungokopera zithunzi zakale, nanga chimene akutsatacho n'chiyani kwenikweni?

Mayi, mwayambira pamalo abwino. Mazenera anayi amene mudaonawo adapangidwa pakati pa 1885 ndi 1897 ndi kampani ya William Morris, yomwe iye ndi anzake adaikhazikitsa mu 1861 chifukwa chonyansidwa ndi katundu wa m'mafakitale, momwe wantchito ankapanga kachidutswa kamodzimodzi tsiku lonse osaona n'komwe chinthu chomalizidwa. Dzina lakuti Arts and Crafts lidafala kuchokera ku bungwe lomwe lidayamba mu 1887 n'kuchititsa chionetsero chake choyamba ku London mu 1888. Komabe pali mfundo imene ambiri saitchula: ngakhale kwa Morris komweko, Burne-Jones ankajambula papepala, ndipo odula galasi ndi opaka utoto adali anthu ena.

Amene adalimbikira kuti wojambula azigwira yekha galasi ndi Christopher Whall, yemwe adayamba mazenera a mu Lady Chapel, chipinda chopemphereramo choperekedwa kwa Mariya m'tchalitchi chachikulu cha Gloucester, mu 1898. Kwa ine, mwambo umene mukufunsawo wagona pamenepa, osati pa maluwa opiringizika kapena angelo a tsitsi lalitali.

Chifukwa chake chimaoneka mukayang'ana mmene zenera limapangidwira. Mtundu wa galasi suchokera ku burashi, koma umalowa galasilo likadali losungunuka: chitsulo chotchedwa kobati chimapereka buluu, mkuwa kapena golide amapereka kufiira. Utoto umene mmisiri amapaka ndi woderapo basi, wopangidwa ndi dzimbiri la chitsulo ndi galasi lopera, ndipo umamatirira ukawotchedwa m'ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 600. Ntchito yake ndi kuchepetsa kuwala, choncho mmisiri amaupaka, nkuusiya uume, kenaka n'kumaukanda ndi kamtengo kosongoka kapena burashi youma kuti kuwala kudutse pamene akufuna, pa tsaya kapena pa mpindiro wa chovala. Chikasu chimabwera ndi mankhwala a siliva opakidwa kuseri kwa galasi. Pomaliza zidutswazo zimalumikizidwa ndi timizere ta mtovu towotcherera m'mfundo. Whall ankakonda galasi lochindikala lomwe lidayamba kupangidwa mu 1889, louziridwa m'chikombole cha ngodya zinayi, lonenepa pakati ndi lopyapyala m'mbali, moti kachidutswa kamodzi kamakhala ndi buluu wozama ndi wotumbuluka pamodzi. Munthu amene wangotumiza pepala kwa anyamata a ntchito sangasankhe kachidutswa kotere, chifukwa kusankhako kumachitika utakanyamula m'manja n'kukaloza ku dzuwa.

Mwa amisiri amoyo, amene ndingakulozereni ndi Thomas Denny, wobadwa mu 1956, yemwe adaphunzira kaye kujambula ndi utoto ku Edinburgh asanayambe za magalasi. Mazenera ake ali ku Hereford, okumbukira mlakatuli Thomas Traherne, a mu 2007, komanso ku Durham, a mu 2010. Iye amagwiritsa ntchito galasi lokhala ndi khungu lopyapyala la mtundu pamwamba, n'kumalidya pang'onopang'ono ndi asidi, kenaka amasanjikiza magalasi awiri kuti mitundu isakanikirane monga imachitira pa nsalu ya wojambula. Zithunzi zake sizifanana n'komwe ndi za Burne-Jones. Mukaima patali mumaona mitundu yoyaka ngati moto wa tchire madzulo, koma mukasendera pafupi mumayamba kuzindikira timitengo, mbalame ndi anthu ang'onoang'ono akuyenda m'njira. Palibe chokopera pamenepo, koma dzanja lomwe lidajambula ndi lomwelo lidapaka utoto ndi kukanda galasi.

Okopera alipo ndithu, ndipo zimandipweteka kuona mapulasitiki omata pa zenera, osindikizidwa maluwa a Morris, akugulitsidwa ndi dzina la mwambowu, pamene ndi katundu yemweyo wa fakitale amene Morris ankadana naye.

Ngati mungapeze tsiku, Mayi, kwerani sitima kupita ku Gloucester, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera kwanuko. Mu Lady Chapel mudzaona mazenera a Whall, ndipo m'kachipinda kopemphereramo ka pambali pomwepo muli a Denny a mu 2014, okumbukira Ivor Gurney, mlakatuli ndi wopeka nyimbo wa mumzindawo amene adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mudzaime pafupi kwambiri, mpaka mudzaone mikwingwirima ya burashi pa galasilo, kenaka mudzabwerere m'mbuyo pang'onopang'ono.