Pa kamtanda kanu ka silicon, yambani ndi permalloy

Achimwene, mwafunsa ngati muike NdFeB, maginito okhalitsa a neodymium, iron ndi boron, pa kamtanda ka silicon kamene koilo izikakoka kuti kazitseka ndi kutsegula switch. Ine ndikuti ayi. Kamtanda kotere sikafuna maginito okhalitsa. Kamafuna chitsulo chogwira maginito msanga koilo ikayaka, n'kuwataya ikazima, ndipo imeneyo ndi ntchito ya permalloy, ya nickel pafupifupi 80 peresenti ndi iron 20.

NdFeB ndi yamphamvu ndithu, koma mukaiika ndi sputtering, njira yowaza maatomu a chitsulo m'chipangizo chopopedwa mpweya, imafuna kuwotchedwa pa madigiri Celsius 600 kapena kuposa kuti ikhale maginito enieni, pomwe zamagetsi za CMOS, ma transistor ndi timawaya ta pa chip, zimayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira 400 mpaka 450. Imachitanso dzimbiri msanga, choncho muyenera kuitchinga ndi tantalum pansi ndi pamwamba.

Permalloy ikuteni ndi electroplating, kumatiza chitsulo ndi magetsi m'madzi a mankhwala. Njirayi anaikhwimitsa a Lubomyr Romankiw ku IBM popanga timitu towerenga ndi kulemba pa hard disk, ndipo imafika mamaikiloni 10 kapena 20 mosavuta (mamaikiloni 1,000 ndi milimita imodzi), makulidwe amene sputtering ingakudyereni nthawi, filimu ya chitsuloyo n'kumasupukanso. Yalani kaye titanium kapena chromium kuti zimatirire, kenako kopa wopyapyala wodutsa magetsi, muumbe chikombole ndi photoresist, utoto umene umajambulika ndi kuwala, basi mumize m'madzi a mankhwala.

Vuto lili m'madzi a mankhwalawo. Iron imathamangira kumatira kuposa nickel ngakhale ili yochepa m'madzimo, moti magetsi akasintha pang'ono, kapena mukatakasa mosiyana ndi dzulo, 80 ndi 20 uja wasokonekera. Zikatero chitsulocho chimauma mtima, maginito sachoka bwino, switch n'kumakakamira. Musaiwale boric acid, ndiponso saccharin, yemwe uja wotsekemeretsa zakumwa: amachepetsa kukokana m'filimu, apo ayi kamtanda kapindika mukangochotsa zokagwira pansi. M'mphepete mwa wafer, kambale ka silicon kamene mukupangirapo, mumakhuthala kuposa pakati, ndiye yezani malo angapo. Yambani ndi tizidutswa toyesera, muone kasakanizidwe ndi chida cha X-ray chotchedwa EDS, khalidwe la maginito ndi choyezera maginito chotchedwa VSM, musanawononge wafer yabwino.

Permalloy imakhuta maginito pa tesla imodzi, tesla kukhala muyeso wa mphamvu ya maginito. Ngati kukokako kukuchepa, yesani ya nickel 45 ndi iron 55, imafika pafupifupi 1.6, kungoti dzimbiri siichedwa nalo, muitchinge. Mukadzafunadi maginito okhalitsa, mwina kuti switch izikhala yotseka magetsi atazima, onani CoPt, ya cobalt wambiri ndi platinum, imene imakutika m'madzi popanda ng'anjo. Tiuzeni kutalika kwa kamtandako ndi mpata wake kuchokera pa koilo, tiwerengere limodzi makulidwe oyenera.